Mzere wa 41 m'Buku la Mayi Kaundula

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1966, pabenchi la pakhonde la chipatala chathu chaching'ono chomwechi, chimene anadzagwirapo ntchito zaka 37. Mayi athu ankakamba kuti anamwino anali akufunafunabe kiyi wa chipinda chochiliramo pamene khanda linamveka likulira panja. Choncho inu abusa, anamwino, azimayi ndi azibambo amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe, musadabwe ndi zimene mumve. Amayi tikuwaperekeza lerowa kudikira sankakudziwa chibadwire chawo.

M'banja la ana anayi iwo anali oyamba. Wotsiriza ndi amene waima pamaso panuyu, mlongo wawo, mphunzitsi wopuma. M'mbiri muno ndizimutchula kuti mphunzitsi basi, ngati munthu wina, chifukwa zina zimene anachita sizituluka bwino pakamwa munthu akamati ine.

Sukulu anayamba mu 1973. Pa lipoti lawo loyamba aphunzitsi analemba kuti mwanayu mutu ulipo koma mpando umamuwotcha. Atalephera kuwakhazika pansi, anawapatsa ntchito yoitana maina m'mawa, kuti mwina kuimirirako kukhale ndi phindu. Apa m'pamene anaputa zina. Mwana akajomba, malemu sankangochonga m'buku n'kusiya. Akaweruka ankapita kwawo kwa mwanayo kukaona ngati wadwala kapena wangothawa masamu, mawa lake n'kudzafotokoza zonse m'kalasi. Ojomba anawada, ndipo pofuna kuwanyoza anawapatsa dzina loti Kaundula. Dzinalo linawakanirira mpaka lero, moti ambiri mwa inu lenileni simulidziwa.

Kusekondale anapita mu 1982 n'kumaliza mu 1985. Ankafuna unamwino, koma tsiku lina mnzawo atadzicheka chala ndi lezala, amene anakomoka anali iwo. Anavomera kuti magazi si mbali yawo, ndipo pa 2 Febuluwale 1987 anayamba ntchito ya ukalaliki, kusunga mabuku a odwala.

Ofesi yawo mukuidziwa, kachipinda kaja ka pakati pa zenera lolandirira mankhwala ndi chipinda chobayira jakisoni. Tebulo la mwendo umodzi waufupi, wochirikizidwa ndi katoni yopinda. Mashelefu a mabuku ofika kudenga, miyendo yake ili m'zitini za oyilo wakutha kuti chiswe chisakwere. Mpando umene anawapatsa mu 1987 ulipobe, ndipo ndi watsopano, chifukwa amene ankakhalapo ndi mafayilo. Munthu woyendayenda chonchi mungaganize kuti ndi wapakamwa, koma ayi ndithu. Alendo ochokera ku likulu akabwera kudzawerenga odwala, malemu ankapinda tsamba lililonse mbali ya maina n'kulipana ndi zopanira zovala, kuti mlendo aone matenda koma asaone mwini wake. Ena mwa inu munayesapo kuwafunsa chimene chinabweretsa mnansi wanu kuchipatala, ndipo mukukumbuka kuti anakuyankhani za mvula.

Pa 12 Ogasiti 1989 anamanga banja ndi alamu athu akhala apowa, amene amakonza njinga patsinde pa mtengo tsidya la msewu wa chipatala. Alamu amanena kuti njinga ya malemu inkabwera itaphwa katatu pa sabata, ndipo mpaka lero sadziwa ngati inali minga kapena nzeru. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, wamkazi mu 1990, wamwamuna mu 1993 ndi wamkazi wina mu 1998. Anawa akula akudziwa kuti amayi awo tiyi amamwera choimirira, ndipo mwana akafuna kuwauza nkhani ankayenera kuwatsata kuchokera kukhitchini mpaka pachipata.

Mu 2020 unafika mliri uja wa chifuwa chobanikitsa. Pakhomo la chipatala anaika ndowa ya mpopi, tonse tinavala zotseka pakamwa. Koma chipatala chathu chinalibe zoyezera matendawo, chinalibenso silinda ya mpweya, ndipo chipatala chachikulu chili pa mtunda wa makilomita 62. Anthu anachita mantha kuti akapita kuchipatala atengedwa kutali, akafera okha, n'kuikidwa ndi anthu osawadziwa. Anayamba kudwalira m'nyumba, kufera m'nyumba. Malemu anaona buku lawo likupita masiku osalembedwamo munthu, pomwe pazenera ankamva nyundo ya akalipentala ikukhoma mabokosi kuyambira m'mawa. Zimenezi zinawasowetsa mtendere. Anagula buku lakuda lachikuto cholimba n'kuyamba kulembamo amene akufera kunyumba: zaka zawo, tsiku limene chifuwa chinayamba, kutalika kwa kwawo ndi chipatala. Dzina sankalemba, munthu aliyense ankamupatsa nambala. Maina ankawalemba m'kabuku kena, kamene ankakatsekera m'bokosi lachitsulo, kiyi wake ali pachingwe m'khosi mwawo.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikupazungulira. Mayi athu otibereka ankakhala kunyumba kwa mphunzitsi uja, ndipo pa khadi lawo la kuchipatala wowasamalira analembedwa iyeyo. Pa 11 Januwale 2021 anayamba kutentha thupi ndi kutsokomola. Malemu anabwera ndi anamwino, anawaona, ndipo onse awiri ananena zofanana: zizindikiro zonse ndi za mliri, mayi apite kuchipatala chachikulu, ndipo m'chipindamo musalowe alendo. Mphunzitsi anauma mutu. Anati mayi ake sangakafere m'manja mwa alendo, ndiponso sangabweze pakhomo anthu obwera kudzazonda matenda. Pa 19 Januwale mayi anatisiya.

Mphunzitsiyo ankafuna maliro odzaza anthu, osati a anthu khumi ovala magolovesi. Choncho anauza aliyense kuti mayi apita ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Munabwera ambiri, munadzaza pabalaza, kunja kukugwa mvula. Mukukumbuka kuti malemu ankangozungulira nyumba kutsegula mazenera n'kumapempha anthu kuti akhale pakhonde, mphunzitsi akuwatsata m'mbuyo kutseka. Ena munati mayi ameneyu alibe khalidwe, akupitikitsa anthu pamaliro a amayi ake. Iwo sanadziteteze, chifukwa kudziteteza kukanakhala kuulula matenda a wodwala. Pasanathe masabata atatu tinaika amalume athu, kenako amayi a nyumba yoyandikana nayo, amene ankachezera mayi pamphepete pa bedi. M'buku lakuda malemu anawapatsa mayi athu nambala 41, mzere wake n'kuusiya wopanda kanthu.

Mu Juni 2021 anaitanidwa ku msonkhano ku likulu. Pakhoma panali mapu osonyeza kumene mliri wapha anthu. M'matauni munali mofiira, koma dera lathu linali loyera mbee, ngati kuno palibe anatsokomolapo. Anamva akulengeza kuti masilinda a mpweya apita kumene kwafiira. Malemu anakweza dzanja n'kunena kuti m'chikwama mwawo muli anthu 90 amene mapuwo sakuwadziwa. Anawayankha mwaulemu kuti buku la kalaliki si umboni. Anabwerako atapsa mtima moti alamu akuti tsiku limenelo anasesa bwalo kawiri. Mwezi wotsatira nawonso anadwala mliriwo. Anachira, koma chifuwa chawo sichinabwererenso mwakale.

Mu Malichi 2022 kunabwera anthu a kafukufuku ochokera ku yunivesite, motsogozedwa ndi adokotala achitsikana amene ali nafe pano. Ankafuna kudziwa mmene mliri unayendera m'madera akutali ndi tala, kumene kulibe zoyezera: anadwala ndani, anachira angati, amene anafa anafa bwanji. Anali ndi makalata a zidindo zonse, ndipo ankaganiza kuti ajambula mabuku masana amodzi n'kubwerera. Malemu anali atadikira anthu oterewa pafupifupi chaka chathunthu. Koma atamva zojambula mabuku, anakoka bokosi lachitsulo lija n'kukhalapo. Anamwino akuchitira umboni kuti aka kanali koyamba kuwaona atakhala pansi nthawi ya ntchito.

Anawauza adokotala kuti makalatawo ndi chilolezo cha maofesi, koma akufawo ali ndi eni ake. Dzina silituluka m'chipindamo. Banja lililonse lifunsidwe pakhomo pake, limve chimene akufuna kuchita ndi mbiri ya m'bale wawo, likavomera lidinde chala, likakana mzere wake ufufutidwe. Ndipo zimene apeze asakangoziwerengera anzawo m'mahotela, adzabwere nazo kuno adzaziwerenge pabwalo la chipatala m'chilankhulo chathu. Adokotala anati zimenezo zitenga zaka ziwiri. Malemu anati ndiye tiyambe mawa m'mawa. Tiwathokoze adokotalawa, chifukwa anabwerera kukasintha mapepala awo, ndipo mwezi wotsatira anabweranso ndi mafomu.

Kuyambira Epulo 2022 nonse munawaona. Njinga yakuda, chikwama cha mafomu pakaliyala, kabokosi ka inki yapepo m'thumba. Loweruka lililonse ndi masana alionse akaweruka, mayi wobanika uja ankapalasa, kutsika pachitunda, kukankha, kupuma atatsamira chishalo, n'kukweranso. Si onse amene anawalandira. Kunamveka mphekesera yoti akugulitsa maina a akufa. Pakhomo pena anawamasulira agalu, pena anawasiya ataima padzuwa osawapatsa ndi mpando womwe, ngakhale kuti pamenepo sanawalange kwenikweni. Munthu ankamufunsa kawiri kokha. Akakana, ankafufuta mzere wake iye akuona, ndipo mawa lake akakumana kuchipatala ankamupatsa moni ngati kale. Ena mwa inu muli m'bukumo, popeza anayamba kulembamo ndi amene anachira omwe. Ndani ndi ndani, ife a banja sitikudziwa, ndipo alamu amene anagona pafupi ndi kiyi uja zaka zonsezi sakudziwanso.

Kwa mphunzitsi anapita mu Meyi 2022, ndipo iye anazemba, fomu sanailandire. Anapitanso mu Sepitembala. Anamutsimikizira kuti dzina la mayi silioneka paliponse, palibe adzadziwe. Iye anawafunsa chifukwa chake osangodinda okha, popeza nawonso ndi mwana wa mayi omwewo. Anamuyankha kuti wogwira inki sadzidindira yekha, ndipo amene anadwazika mayi ndiye ali ndi mayankho. Mayankhowo ndiwo ankamuopsa. Pa fomupo panali funso loti m'chipinda cha wodwala munalowa anthu angati, ndi lina loti pamaliro panasonkhana angati. Anawakalipira achemwali ake, anawanena kuti akufuna kumuveka mlandu wa imfa zitatu. Mawu amene anamuyankha ndawalemba monga anatulukira: "Atitcha, ine mlandu sindikuufuna. Ndikungofuna mayi awerengedwe nawo. Anali munthu."

Kachitatu sanamufunse, chifukwa lamulo anaika okha. Anangosiya fomuyo pansi pa wailesi pabalaza pake. Koma mukuwadziwa. Akabwera kudzacheza ankanyamula wailesi ija, kupukuta fumbi pafomu ndi m'mphepete mwa nsalu yawo, kubwezera wailesi, n'kufunsa za ana. Anachita zimenezi chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mphunzitsi anasiya kumvera wailesiyo. Ankati akakhala pabalaza n'kudzuka, kupita kudimba osagwira kanthu, kubwerera, kuima pakhomo. Mkazi wake anamuseka kuti matenda a achemwali ake osakhazikika amupatsira.

Pofika Malichi chaka chino cha 2024, m'buku lakuda munali mizere 311. Mabanja 296 anavomera, mabanja 14 anakana. Munthu mmodzi yekha sanavomere ndipo sanakane. A kafukufuku analemba kalata yoti atseka kulandira mafomu pa 17 Meyi, lomwe ndi mawa.

Mu Epulo miyendo ya malemu inayamba kutupa ndipo mpweya unkawathera ngakhale poyankhula. Alamu anachotsa tcheni cha njinga n'kuchibisa, iwo anayamba kuyenda wapansi. Pa 6 Meyi anagonekedwa pachipatala chathu, pabedi loyang'anizana ndi chitseko cha ofesi yawo, ndipo anamwino akuti ankalamula ntchito ali chigonere. Malemu anapempha fomu ina, ya anthu amene mliri unawasiyira chilema m'chifuwa. Anayankha mafunso onse, anamwino anagwira inki, iwo anadinda. Anadzipatsa nambala 312.

Pa 13 Meyi masana mphunzitsi anapita kukawaona atanyamula malalanje. Malemu za fomu sanamufunse. Anangomugwira dzanja lamanja, kulitembenuza, kuyang'ana chala chachikulu, n'kulibweza. Iye anayang'ana kukhoma n'kuyamba kukamba za kukwera kwa madzi mumtsinje. Mumtima ankati mawa. Ndikunena mosabisa kuti palibe tsiku limene amalilakalaka kuti libwerere kuposa limeneli.

Pa 14 Meyi m'mawa mpweya unawavuta kwambiri. Silinda pachipatala chathu palibe mpaka lero. Ambulansi inafika cha m'ma 11 koloko, adalaivala anathamanga mmene akanathera pamsewu mukuudziwawu. Atafika pamlatho, kutatsala makilomita 22, malemu anatisiya ali m'manja mwa amuna awo, nthawi itangopitirira 12 koloko. Anali ndi zaka 58. Sindinama kuti chala chimodzi chikanabweretsa silinda, kafukufukuyo ngakhale kutha sanathe. Koma anapita buku lawo lili ndi mpata, ndipo mpatawo unali wa mlongo wawo.

Dzulo m'mawa mphunzitsi ananyamula wailesi ija. Fomu inali itayamba kale kugwira fumbi, popeza woipukuta anali atadwala masabata. Anapita nayo kuchipatala, anamwino aakulu amene malemu anawasiyira kiyi anatsegula bokosi, ndipo anayankha mafunso onse, awiri aja omwe. Anamupatsa cholembera kuti asaine. Munthu amene wasaina malipoti a ana zaka 30 anakana cholembera, anapempha kabokosi ka inki ka achemwali ake.

Mphunzitsi ameneyo ndine, ndipo banga lapepo mukuliona pakona pa pepalali ndi la chala changa. Buku la malemu limabisa maina, ndipo n'koyenera kutero. Koma ine ndinanama pagulu, ndiye ndikonza pagulu. Mayi athu sanamwalire ndi kuthamanga kwa magazi. Anamwalira ndi mliri, ndinauzidwa, ndipo ndinakuitanani m'nyumba n'kutseka mazenera. Azakhali, inu amene munataya amalume, ndi inu ana a nyumba yoyandikana nafe amene munataya amayi anu, sindikudziwa ngati matendawo anawatengera kwathu, ndipo mwina sitidzadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindinawapatse mpata wosankha. Ndikupepesa, ndipo ndibwera kwanu maliro akatha kudzamva chilichonse chimene mungandiuze. Amene munati malemu alibe khalidwe tsiku lija, lero mwadziwa amene analibe.

Mabanja 14 amene munakana, malemu anasiya mawu kwa anamwino kuti munthu asakutsateni, munali ndi ufulu wanu. Adokotala anyamula mafomu mawa, opanda dzina ngakhale limodzi, ndipo alonjeza pamaso pa banja kuti zotsatira adzaziwerengera pabwalo la chipatala monga anapangana. Tsiku limenelo tidzapite tonse, pakuti mwini nkhani sadzakhalapo kuti atiitane maina.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu, ang'ono awo awiri ndi mlongo mmodzi. M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino ndi onse ogwira ntchito pachipatala chathu, amene anawasamalira kwinaku akulamulidwa. Ndikuthokoza adalaivala a ambulansi, akalipentala, achinyamata amene akonza kumanda, azimayi amene akhala pamoto chiyambire dzana, abusa ndi a kwaya, a kafukufuku amene ayenda ulendo wautali, ndi inu nonse amene munawatsegulira zitseko zanu n'kudinda chala pa nkhani zowawa. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Achemwali, mzere wa 41 wadzaza. Ndachedwa ndi tsiku limodzi kuti muuone, koma mayi awerengedwa. Palibenso khomo lotsala, alamu tcheni chija sabwezeranso. Mwayendayenda mokwanira, khalani pansi tsopano. Mzimu wanu upeze mpumulo umene thupi lanu linaukana, ndipo uuse mumtendere.

Zikomo.